Khadi la Bizinesi Ndi Lonjezo la Mwini Dzina

Chifalireni mafoni a m'manja m'dziko muno, pakhala pakumveka mawu m'maofesi ndi m'misika onena kuti khadi la bizinesi latha ntchito. Onena zimenezi akuti palibe chifukwa choperekera ndalama kwa osindikiza pamene munthu angathe kungotchula nambala yake, mnzake n'kuisunga m'foni. Nyuzipepala ino siikuvomereza maganizo otere, ndipo ikupempha atsogoleri a Chipani, ogwira ntchito m'Boma ndi eni mabizinesi a ku Embangweni, ku Jenda, pa boma la Mzimba ndi m'madera onse a kummwera kwa bomalo kuti ailingalire bwino nkhaniyi. Kapepala kameneka n'kakang'ono, mamilimita 85 m'litali ndi 55 m'lifupi basi, koma munthu akakapereka amakhala atanena mawu aakulu: kuti dzina lake ndi ili, ntchito yake ndi iyi, malo ake ndi awa, ndipo amene adzamufuna, kaya pa zabwino kaya pa mlandu, adzamupeza.

Anthu a ku Mzimba safunika mlendo wowaphunzitsa ubwino wodzitchula. Mwa mwambo wa Angoni ndi Atumbuka, munthu akafika pamudzi pa eni sayambira pa nkhani imene wadzera. Amapatsidwa pokhala, nalonjeredwa, ndipo amatchula dzina lake, chiwongo chake, mudzi wake ndi mfumu yake. Akangoti ndi Jere, Moyo, Tembo kapena Nyirenda, wochokera kwa Inkosi Mzukuzuku kapena kwa Inkosi Mabulabo, eni mudzi adziwa kale kokafunsa za iye ndi kokadandaula ngati atawalakwira. Munthu wozemba kutchula kwawo makolo sankamugoneka m'nyumba ndi mtima pansi, popeza wobisa kwawo amabisanso chimene wadzera. Khadi la bizinesi ndi mwambo womwewo wolembedwa pa pepala, kuti ukhalebe m'manja mwa eni mudzi mlendoyo atapita.

Ku maiko a kunja makhadi otere anayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1600 akuluakulu a ku France ankasiya makhadi okhala ndi maina awo pa nyumba zimene anapitako kukacheza. Amalonda a mumzinda wa London anautengera mwambowu ku ntchito zawo, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Pa nthawiyo nyumba za mumzindawo zinalibe manambala, pakuti ntchito yoika manambala mwadongosolo inafala m'zaka za m'ma 1760. Kotero mwini sitolo ankasindikiza khadi lofotokoza malonda ake, chizindikiro chopachikidwa pakhomo pake ndi njira yofikira pamalopo. Vuto limene anali nalo amalondawo ndi lomwe ali nalo mmisiri wa matabwa wa ku Embangweni lero, amene malo ake alibe dzina la msewu kapena nambala ya nyumba, ndipo omufuna amalozeredwa kuti ndi kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi mjigo.

Amene akuganiza kuti khadi ndi chizindikiro cha kutsalira ayang'ane dziko la Japan, limene palibe angalinene kuti ndi lotsalira pa za makina. Kumeneko ndi kumene kampani ya Denso Wave inapanga m'chaka cha 1994 chizindikiro cha QR, chija cha timabokosi takuda chimene foni imachijambula n'kuwerengamo zonse. Komabe anthu a bizinesi kumeneko mpaka lero amapatsana makhadi pokumana koyamba. Amapereka ndi manja awiri, amalandira ndi manja awiri, ndipo wolandirayo amayamba waliwerenga asanalisunge. Mmalawi aliyense woleredwa bwino akuuzindikira ulemu umenewu, chifukwa ndi momwe mwana amalandirira chinthu kwa wamkulu.

Embangweni ndi malo amene mawu olembedwa anazika mizu kwa zaka zoposa 120. Mbusa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia anakhazikitsa siteshoni ya Loudon pamalopa m'chaka cha 1902, pamene sukulu ya Overtoun imene Dr Robert Laws anatsegula ku Khondowe mu 1894 inali itayamba kale kuphunzitsa anyamata za ukalipentala, zomangamanga ndi zosindikiza. Lero pamalo amodzimodziwa pali chipatala cha mishoni, sukulu ya sekondale ya Robert Laws, koleji ya aphunzitsi ya Loudon ndi sukulu ya ana ovutika kumva. Malo amenewa amakoka anthu ochokera kutali, ena a kutsidya kwa malire m'boma la Lundazi ku Zambia. Wodikirira wodwala amafuna wa kabaza wodalirika, kholo lobweretsa mwana kusukulu limafuna telala ndi pogona, mphunzitsi wobwera kumene amafuna mmisiri womukhomera bedi. Onsewa ndi alendo osadziwa wina aliyense, ndipo mwini bizinesi amene wawasiyira dzina lake m'manja ndiye adzaitanidwanso.

Tsono aiyankhe bwanji mfundo yoti foni yakwanira? Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti pafupifupi theka lokha la mabanja a m'dziko muno ndiwo anali ndi foni ya m'manja, ndipo kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Ziwerengero zimenezi zakhala zikukwera, koma aliyense woyenda m'midzi ya kwa Khosolo, ku Luwerezi kapena ku Mqocha akudziwa kuti mabanja ambiri amabwerekana foni imodzi, ndi kuti foniyo imagona masiku yozima podikira kotchajitsa. Foni imabedwa pa msika, imagwera m'madzi, imafa, ndipo manambala onse amapita nayo limodzi. Khadi silifuna moto kapena netiweki. Limakhala m'buku la nyimbo, m'buku la kuchipatala kapena m'chikwama cha agogo chaka chathunthu, ndipo tsiku la vuto agogowo amangolipereka kwa mdzukulu kuti aimbe.

Palinso china. Nambala yosungidwa m'foni imakhala ya mwini foniyo yekha, ndipo kawirikawiri imasungidwa ndi dzina losathandiza, longa «Wamatabwa» kapena «Wagalimoto», kotero kuti pakapita miyezi itatu mwini wake sakumbukanso kuti anali uti. Khadi limayenda dzanja ndi dzanja. Mlimi amene wakhutira ndi ngolo imene wamupangira mmisiri amapereka khadilo kwa mlamu wake, mlamuyo kwa mnzake wa ku kalabu, ndipo mmisiri uja amapeza ntchito m'mudzi umene sanapondemo phazi.

Asaiwalidwenso anthu amene foni yoimba siwathandiza. Achinyamata amene anadzera pa sukulu ya ovutika kumva ya ku Embangweni, ena mwa iwo ndi atelala ndi amisiri aluso, koma wogula wosadziwa chinenero cha manja amasowa poyambira. Khadi lonena dzina la mmisiriyo, ntchito yake, malo ake ndi pempho loti omufuna alembe uthenga m'malo moimba, limamutsegulira msika umene ukanamudutsa.

Khadi sililimbana ndi foni ayi, limaithandiza. Chiyambireni Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, nambala ya foni yasanduka ngati thumba la ndalama. Nambala yotchulidwa pakamwa m'phokoso la pa msika wa Jenda imalakwika msanga, ndipo kuphonya nambala imodzi yokha kumatumiza ndalama za feteleza kwa munthu wachilendo. Nambala yosindikizidwa bwino pamodzi ndi dzina la mwini wake imapatsa wotumiza mwayi woyerekeza dzina lotuluka pa foni ndi la pa khadi asanatsimikize.

Koma chifukwa chachikulu chimene nyuzipepala ino yalembera nkhaniyi ndi chitetezo cha anthu a m'midzi. Nyengo yokolola ikafika, m'midzi mumadzaza ogula chimanga, soya, nyemba ndi mtedza, ena opanda dzina lodziwika, onyamula masikelo amene sanayesedwe ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Ena amatenga mbewu pa ngongole, nalonjeza kubweranso Lachisanu, Lachisanulo osafika. Boma la Mzimba ndi lodziwikanso ndi ana ake ambiri amene akugwira ntchito ku South Africa, ndipo mabanja amadalira eni magalimoto onyamula anthu ndi katundu pakati pa Mzimba ndi Johannesburg. Ambiri mwa iwo ndi anthu okhulupirika amene athandiza kumanga nyumba za malata m'midzi yambiri. Koma pakati pawo pamalowerera akathyali olonjeza ntchito ku Joni, pasipoti yachangu kapena kufikitsa katundu, ndipo akalandira ndalama amazimitsa foni. Banja limene linagulitsa ng'ombe kuti mwana apite likafika ku polisi, limapezeka kuti likungodziwa dzina lachibwana la munthuyo ndi mtundu wa malaya amene anavala.

Chifukwa chake atsogoleri a Chipani a m'nthambi ndi m'madera, mogwirizana ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi, ayenera kuphunzitsa anthu chizolowezi chimodzi: asapereke mbewu, ndalama kapena mwana kwa munthu amene sanasiye dzina lake lonse, malo ake ndi nambala yake zolembedwa. Wamalonda woona sangakwiye pofunsidwa zimenezi. Amene wakwiya wadziulula yekha.

Pano pafunika chenjezo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Khadi lokongola si umboni wa kukhulupirika, popeza wakuba nayenso angathe kulipira wosindikiza. Khadi limangoonetsa poyambira kufufuza. M'chaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kotero lero n'kotheka kuyerekeza dzina la pa khadi ndi la pa chiphaso, kuimba nambalayo munthuyo ali pomwepo kuti aone ngati foni yake ilira, kuona chilolezo chogulira mbewu, ndi kufunsa kwa mfumu kapena ku khonsolo ya M'mbelwa ngati malo otchulidwawo alipodi. Safunsa anadya phula.

Mawu otsatirawa apite kwa ogwira ntchito m'Boma. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Munthu wochokera kumalire a Kasungu kapena a Zambia akafuna thandizo pa boma amataya tsiku lonse ndi ndalama zambiri za ulendo, ndipo n'zomvetsa chisoni akafika n'kuuzidwa kuti bwana apita ku msonkhano, abwerenso mawa. Ulendo wotere ukanapewedwa mwini nkhaniyo akanakhala ndi dzina ndi nambala ya munthu woyenera kumuona. Mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa ziweto, mlangizi wa zaumoyo, woyang'anira sukulu za pulayimale, wa zachitukuko cha m'midzi ndi wapolisi woona za chitetezo cha m'mudzi, aliyense wa iwowa akamatseka msonkhano ayenera kusiya khadi kwa mfumu ndi kwa mlembi wa komiti. Ng'ombe ikadwala usiku, kapena mbozi zikagwa m'chimanga, mlimi sayenera kuyamba kufunsa m'misika kuti alangizi aja dzina lawo ndani.

Alipo ena amene amakana kupereka nambala ponena kuti anthu adzawasowetsa mtendere. Oterewa akumbuke kuti malipiro awo amachokera ku msonkho wa anthu omwewo. Akumbukenso kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limafuna kuti ofesi iliyonse ikhale ndi munthu wodziwika wolandira mafunso a anthu. Ofesi imene antchito ake sadziwika maina ndiyo mumamera ziphuphu, chifukwa pakhomo pake pamaima anthu odzipereka okha kuti adziwa njira ya kwa bwana, namalipiritsa osauka pa thandizo limene ndi laulere. Wantchito wodziwika dzina amachotsa msika wa anthu otere. N'koyenera tsono kuti akulu a nthambi za Boma asindikizire antchito awo a kumidzi makhadi ndi ndalama za ofesi, olembapo nambala ya ntchito ndi nthawi imene mwini wake amapezeka, kuti wantchito asakakamizike kupereka nambala ya kunyumba kwake.

Kwa atsogoleri a Chipani pali mawu apadera, chifukwa mbiri ya dziko lino ili ndi mapepala ena amene sanasiye chikumbumtima chabwino. M'nthawi ya atsamunda mwamuna ankayenda ndi chiphaso cha msonkho, ndipo opita ku Southern Rhodesia ankanyamula chitupa choonetsa kwa aliyense wowaimitsa. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, kuyambira 1966, anthu ankafunsidwa khadi la umembala polowa mumsika ndi pokwera basi, mpaka Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Malamulo aakulu a dziko lino tsopano amaletsa kukakamiza munthu kukhala membala wa gulu lililonse. Mapepala onse ajawa anali ofunsidwa ndi wamphamvu kwa wopanda mphamvu. Khadi la bizinesi limayenda njira yosiyana: wokhala ndi udindo ndiye amalipereka mwa kufuna kwake kwa munthu wamba, kumupatsa mphamvu yomuitana ndi yomufunsa.

Kusiyana kumeneku tcheyamani aliyense, mlembi aliyense ndi khansala aliyense akusunge mumtima. Khadi lokhala ndi dzina la Chipani si lodumphira mzere ku chipatala kapena pamalo ogulira feteleza, si loopsezera wapolisi wa pamsewu, ndipo si lopemphera kontirakiti ku khonsolo. Amene amalitulutsa pa zifukwa zoterezi amaipitsa dzina la anzake onse ogwira ntchito mokhulupirika, ndipo anthu amasunga zimenezi mpaka tsiku la chisankho. Pakhalenso malire oonekeratu pakati pa Chipani ndi Boma. Wogwira ntchito m'Boma amatumikira Mmalawi aliyense, kotero khadi lake lisakhale ndi mtundu kapena chizindikiro cha chipani chilichonse. Nayenso wa Chipani kapena wamalonda asaike pa khadi lake chizindikiro cha dziko, pakuti pali lamulo loteteza mbendera ndi chizindikirocho, ndipo kudzionetsa ngati wantchito wa Boma pamene munthu sali wotero ndi mlandu wopita nawo ku khoti.

Nanga khadi labwino likhale lotani? Likhale ndi dzina lenileni la mwini wake monga lilili pa chiphaso cha unzika, ntchito imene amagwiradi, malo amene amapezeka olongosoledwa mwa njira imene anthu a m'deralo angamve, ndi nambala yolembedwa ndi zilembo zazikulu zoti okalamba aziwerenge popanda magalasi. Amene amachita malonda ndi abale a ku Zambia kapena ku South Africa ayambe nambala yawo ndi +265 kuti oimba ali kunja asavutike. M'boma la Mzimba n'kwanzeru kulemba m'Chitumbuka kapena m'Chichewa pamodzi ndi Chingerezi, chifukwa khadi limene wolandira sangalimve langokhala chokongoletsa. Ngati kuseri kwasiyidwa kopanda kanthu, mmisiri angalembepo mtengo umene agwirizana, ndalama zimene walandira ndi tsiku lodzatenga katundu, ndipo mikangano yambiri imene imathera kubwalo la mfumu ingathere pomwepo.

Maudindo onama asapezeke pa khadi. Pali chizolowezi choipa chodzitcha dokotala popanda sukulu yake, kapena mkulu wa kampani imene ofesi yake ndi thumba la jekete. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mmisiri amene walemba kuti amakhoma zitseko ndi mafelemu a matabwa a ku Chikangawa, nazikhomadi bwino pa tsiku lolonjezedwa, ali ndi ulemu woposa wa maudindo atatu opanda ntchito yooneka. Ndipo wantchito akasamutsidwa kapena akachoka pa udindo, makhadi otsala awonongedwe, wolowa m'malo mwake agawe atsopano, kuti anthu asamaimbire munthu amene tsopano ali ku Nsanje.

Ena adzati kusindikiza n'kodula. Yankho lake n'lakuti mphamvu ya khadi siili m'kunyezimira kwa pepala. Mayi wogulitsa tomato ndi anyezi pa Jenda angathe kudula pepala lolimba n'kulembapo ndi dzanja mooneka bwino, kapena kupangitsa chidindo chimodzi chodindira makhadi mazana. Makalabu a alimi, magulu a banki m'khonde ndi makopaletivu angasindikize khadi limodzi la gulu lonse, lokhala ndi maina a wapampando ndi mlembi. Ndipo ntchito yosindikizayo isapite ku Lilongwe kapena ku Mzuzu pamene pa boma la Mzimba ndi pa Jenda pali achinyamata amene ali ndi makompyuta ndi makina osindikizira. Ndalama zimenezo zitsale m'boma momwemo.

Mfundo yotsiriza ndiyo yolemera kuposa zonse. Khadi loperekedwa ndi ngongole. Munthu amene wagawa dzina lake ndi nambala yake pa msonkhano, kenaka n'kumadula foni ya mlimi kapena kuyankha mwaukali kuti ali wotanganidwa, wachita choipa choposa amene sanagawe konse, chifukwa wapereka chiyembekezo n'kuchilanda. Atsogoleri a Chipani a chigawo cha kumpoto, akuluakulu a nthambi za Boma pa boma la Mzimba ndi makhansala a kummwera kwa bomalo ayambe ndi iwo eni. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya dera, aliyense wokhala pa mpando wa kutsogolo asiye dzina lake ndi nambala yake m'manja mwa anthu, ndipo foniyo ikadzalira aiyankhe. Anthu a ku Embangweni adzadziwa mtsogoleri wawo poona ngati anapezeka pa tsiku limene anamufuna.